Kodi power supply ya kompyuta ingasenze katundu wake yense m'kutentha kwa kuno ku Chigwa cha Shire?

Power supply, kabokosi kopereka moto ku zipangizo zonse za m'kati mwa kompyuta, ikakhala yopangidwa bwino, yolembedwa 500W, imatha kupereka mawati 500 kuyambira m'mawa mpaka madzulo osapsa. Ndi mmene anaipangira, ndiponso ndi mmene anaiyesera kufakitale. Koma lonjezo limeneli limayendera kutentha kwa mpweya umene ikupuma. Zabwino kwambiri zimalonjeza mphamvu yonse mpaka mpweya wa madigiri 50, zapakati madigiri 40, ndipo zambiri zotchipa zimangokwanitsa zimene zinalembedwazo pa madigiri 25, mwinanso osazikwanitsa n'komwe. Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40 panja, ndiye m'kashopu ka malata kopanda siling'i, m'kati mwa bokosi la kompyuta, mpweya umakhala wotentha kuposa pamenepo.

Choncho langizo lathu ndi ili: kompyuta ikamagwira ntchito yolemetsa kwambiri, isamadye moto wopitirira 60 kapena 70 peresenti ya mphamvu imene power supply ingaperekedi. Kufika pa 100 peresenti kwa mphindi zochepa si ngozi ngati power supply ili yabwino. Ngozi imabwera pamene ikukhala pamenepo maola ambiri, tsiku ndi tsiku, m'chipinda chotentha. Lole yodzaza mpaka pa mlingo wake imayenda bwinobwino kuchokera ku Bangula kufika ku Nchalo, koma injini yake imadziwika pokwera mapiri a ku Thabwa dzuwa lili paliwombo.

Chimene chimachitika m'kati mwake

Ntchito ya power supply ndi kusandutsa magetsi a pakhoma, a 230V, kukhala 12V, 5V ndi 3.3V. Posandutsapo, moto wina umatayika n'kusanduka kutentha. Tengani ya 500W ya mlingo wa 80 Plus Bronze, chizindikiro chosonyeza mmene power supply imasungira moto osautaya. Pa magetsi a 230V, ikasenza katundu yense imapereka 85 peresenti ya moto umene yakoka. Kuti ipereke mawati 500 imakoka 588 pakhoma, ndipo 88 otsalawo amatentha m'kabokosi kake kakang'ono kaja. Yomweyo ikasenza theka, mawati 250, imapereka 88 peresenti: imakoka 284 n'kutaya 34 okha. Onani kuti katundu wachepa ndi theka, koma kutentha kwachepa kuposa theka.

Zimene zimayamba kutopa ndi kutenthaku ndi makapasita, timigolo tija tokhala ndi madzimadzi m'kati. Madziwo amauma pang'onopang'ono, ndipo amisiri amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umadulidwa pakati. Kapasita yolembedwa maola 2,000 pa madigiri 105, ikamagwira ntchito pa madigiri 65, imakhala maola pafupifupi 32,000. Kwa kompyuta yoyaka maola 10 pa tsiku, zimenezo ndi zaka pafupifupi 9. Pa madigiri 85 imangokhala maola 8,000, zaka ziwiri ndi miyezi yochepa. Power supply zotchipa nthawi zambiri zimakhala ndi makapasita a madigiri 85, ndiye ya maola 2,000 yamtunduwu ikamatentha madigiri 75, chaka chimodzi chimangopitirira pang'ono iyo itatha. Kapasita ikauma, moto wopita ku motherboard, thabwa lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, sukhalanso wosalala. Kompyuta imayamba kuuma yokha kapena kuzima, hard disk imayamba kuvuta, ndipo anthu amathamangira kuikamo Windows yatsopano pamene vuto lili kwina.

Choyamba: werengani sitika ya pambali

Zimitsani kompyuta, zulani chingwe pakhoma, tsekulani mbali ya bokosi. Pa power supply pali sitika yokhala ndi tebulo la manambala. Nambala yaikulu ija, 450W kapena 500W, musaifulumire. Funani pamene palembedwa +12V, ndipo pansi pake muona ma ampu, olembedwa ndi chilembo A. Chulukitsani ma ampuwo ndi 12.

Ngati palembedwa +12V 40A, ndiye kuti ndi mawati 480, ndipo ya 500W yotereyi ikunena zoona. Ngati palembedwa +12V 18A, ndi mawati 216 okha, ngakhale pamwamba palembedwe 500W ndi zilembo zofiira. Mawati otsalawo amawaunjika pa 5V ndi 3.3V, pamene makompyuta a masiku ano sakokapo moto wambiri. Purosesa, graphics card (khadi yotulutsa zithunzi pa sikirini), mafani ndi mota ya hard disk zonse zimadya pa 12V. Mawerengedwe onse m'malangizo ano muziwachita ndi nambala ya pa 12V imeneyi, osati ya pamwamba. Zina zimagawa 12V pawiri, +12V1 ndi +12V2. Pamenepo musaphatikize nokha, onani nambala yolembedwa pansi pa zonse ziwiri, chifukwa nthawi zambiri imakhala yochepa kuposa mukaziphatikiza.

Kenako funani mawu akuti continuous kapena peak. Continuous ndi mphamvu imene ingapereke osalekeza. Peak kapena max ndi ya kamphindi kochepa. Yolembedwa peak yokha muzingoiona ngati yaing'ono kuposa dzina lake. Pakatoni kapena m'kabuku kake mupezenso madigiri amene anaiyesera. Ngati wopanga sananene chilichonse za madigiri, ife timaiona ngati ya madigiri 25, ndipo sitingaiike pa kompyuta yokhala ndi graphics card kuno.

Chizindikiro cha 80 Plus chimanena za kasungidwe ka moto kokha. Amachiyesera m'chipinda cha madigiri pafupifupi 23, ndipo sichilonjeza za mtundu wa makapasita kapena chitetezo. Komanso kasitika kotereka n'kosavuta kusindikiza, choncho fufuzani nambala ya modelo pa intaneti muone ngati ilidi pa mndandanda wa 80 Plus. Chofunika kwambiri kuposa sitika ndi zoteteza, zimene zimalembedwa mwachidule pakatoni: OPP ndi OCP zimadula moto katundu akapyola, OVP ndi UVP zimadula volteji ikakwera kapena kutsika, SCP imadula mawaya akashota, ndipo OTP imadula ikatenthetsa. Kwathu kuno OTP ndi imene muyenera kuionetsetsa, ndiponso ndi imene imasowa pa zambiri zotchipa. Yokhala ndi zoteteza imangozima ikalemedwa. Yopanda zoteteza imapitiriza mpaka kuphulika, ndipo nthawi zina imapita ndi motherboard ndi hard disk yomwe.

Inyamuleninso m'manja. Ya mawati 500 enieni imalemera, chifukwa ili ndi thiransifoma yokulirapo ndi zitsulo zambiri zoyamwa kutentha. Yopepuka ngati chitini chopanda kanthu musaikhulupirire.

Musanachoke pa sitika, onani pamene palembedwa AC Input. Ya 100–240V imapirira magetsi akafooka. Ya 200–240V yokha imavutika msanga. Ndipo ngati kumbuyo kuli kaswitchi kofiira ka 115 ndi 230, kaikeni pa 230 musanalumikize chilichonse. Makompyuta akale a kaunjika ochokera ku America amatha kufika kali pa 115, ndipo mukangolumikiza pa soketi yathu amaphulika nthawi yomweyo.

Chachiwiri: werengerani katundu

Lembani zonse zimene zili m'bokosi ndi moto umene chilichonse chimadya chikalimbika. Motherboard pamodzi ndi timitengo tiwiri ta RAM muziwerengera mawati 40 mpaka 50. SSD mawati 5. Hard disk yaikulu mawati 10, ngakhale poyamba kuzungulira imakoka pafupifupi 25 kwa masekondi ochepa. Fani iliyonse mawati 3. Zimene zimadya kwambiri ndi ziwiri, purosesa ndi graphics card, ndipo manambala ake mungawapeze patsamba la wopanga.

Samalani ndi nambala ya purosesa. Intel Core i5-12400 imadziwika ngati ya mawati 65, koma Intel yomweyo imanena kuti ikathamanga kwambiri imafika 117. Gwiritsani nambala yaikuluyo. Pa ma graphics card odziwika, GTX 1650 imadya pafupifupi 75, GTX 1660 imadya 120, RTX 3060 imadya 170, ndipo RX 580, imene imapezeka kwambiri ya kaunjika, imadya 185.

Tiyerekeze kompyuta ya munthu wokonza mavidiyo a maukwati pa Ngabu: i5-12400 mawati 117, RTX 3060 mawati 170, motherboard ndi RAM 50, SSD 5, hard disk 10, mafani 10. Zonse pamodzi ndi mawati 362. Gawani 362 ndi 0.7, mupeza 517. Gawani ndi 0.6, mupeza 603. Ndiye munthu ameneyu afune power supply yopereka mawati 550 mpaka 650 pa 12V. M'chipinda chokhala ndi siling'i ndi mphepo yabwino, 550W yakwana. M'kashopu ka malata, atenge 650W. Ya 400W ingathe kuyendetsa kompyutayi, koma izikhala pa 90 peresenti nthawi iliyonse akamatulutsa vidiyo, ndipo ntchito imeneyo imatenga maola.

Malo otsalawo alinso ndi ntchito ina. Ma graphics card atsopano amakoka moto modzidzimutsa, kuposa nambala yawo, kwa kanthawi kochepa kwambiri koti mita wamba siingaone. N'chifukwa chake mlingo wa kapangidwe ka ma power supply wotchedwa ATX 3.0, umene unatuluka mu 2022, umafuna kuti power supply zopitirira 450W zokhala ndi pulagi yatsopano ya graphics card zipirire katundu wowirikiza kawiri kwa mamaikulosekondi 100. Power supply yakale imene ili kale pa 90 peresenti ikalandira kudzidzimuka kotereku, chitetezo chake chimadula, kompyuta n'kuzima ntchito ili pakati.

Kompyuta ya mu ofesi, yolembera makalata ndi kupulintira, yopanda graphics card, nthawi zambiri siifika ngakhale mawati 130. Ya 300W yabwino ndi yokwanira mpaka kutsala. Musawononge ndalama pa ya 850W poganiza kuti yaikulu ndiye yotetezeka. Katundu akachepera 20 peresenti imayambanso kutaya gawo lokulirapo la moto umene yakoka, ndipo ndalama imeneyo ikadagula UPS, kabokosi ka batire kopitiriza kupereka moto magetsi akathima.

Pamene anthu ambiri amapwetekera ndi pa makompyuta aang'ono a kaunjika, monga Dell OptiPlex ndi HP a bokosi lopyapyala. Power supply zake n'zopangidwa bwino, koma n'zazing'ono, za mawati 180 mpaka 255, zoyezeredwa ntchito ya mu ofesi. Mukaikamo graphics card ya mawati 75 pa purosesa ya 65, kuphatikizapo motherboard ndi ma disk, mwafika pafupifupi 195. Pa power supply ya 180W mwapyola kale, pa ya 200W muli pa mlingo wonse, pa ya 255W muli pa 76 peresenti. Kuisintha ndi yaikulu n'kovutanso, chifukwa ambiri mwa makompyutawa ali ndi mapulagi awoawo, osafanana ndi ya mapini 24 ya makompyuta ena. Werengerani musanagule khadiyo.

Chachitatu: yezani mpweya umene ikupuma

Pezani kachipangizo koyezera kutentha kwa m'nyumba, mukaike pafupi ndi pamene fani ya power supply imakokera mpweya, kompyuta ikugwira ntchito, cha m'ma 2 koloko masana. Nambala imeneyo ndi imene muyenera kuyerekeza ndi madigiri a pakatoni.

M'mabokosi akale power supply imakhala pamwamba, ndipo imakoka mpweya wa m'kati umene wadutsa kale pa purosesa ndi graphics card. Chipinda chikakhala pa madigiri 40, iyo ikupuma mpweya wotentha kuposa pamenepo. Bokosi lotereli liikireni fani ina kumbuyo yotulutsa mpweya, kuti ntchito yoziziritsa kompyuta yonse isatsalire power supply yokha. M'mabokosi atsopano imakhala pansi. Ngati pansipo pali timabowo, fani iyang'ane pansi kuti izikoka mpweya wa panja, ndipo bokosi liime pa thabwa kapena patebulo, osati pa mphasa kapena nsalu zimene zimatseka timabowoto. Ngati pansi palibe timabowo, fani iyang'ane kumwamba.

Kumbuyo kwa bokosi siyani mpata wa masentimita 15 kapena kuposa. Musaliike m'kabati yotseka, kapena pawindo pamene dzuwa la masana limawomba. Kuliphimba ndi chitenje poopa fumbi n'kwabwino likazima, koma chichotseni chonse musanayatse. Ndipo ntchito zolemetsa zimene zingadikire, monga kutulutsa vidiyo yaitali, muziziika usiku kwambiri kapena m'bandakucha m'miyezi yotentha. Zimenezi sizifuna ndalama, koma zimawonjezera moyo wa makapasita.

Chachinayi: iyeseni isanakuyeseni

Manambala a papepala ndi poyambira chabe. Poyesa mufunika multimeter, mita yoyezera volteji, ndipo ngati ingapezeke, mita yolumikiza pa soketi yoonetsa mawati. Sungani mafayilo anu onse kwina musanayambe, chifukwa power supply yofooka ikhoza kufera pa mayeso omwewa.

Lumikizani kompyuta yokha pa mita ya mawati, popanda sikirini kapena pulinta. Yatsani, ndipo lembani nambala ikungokhala osagwira ntchito. Kenako ilemetseni purosesa ndi graphics card nthawi imodzi. Pulogalamu ya OCCT ili ndi mayeso otchedwa Power ochitira zimenezi. Mungathenso kuyendetsa mapulogalamu a Prime95 ndi FurMark pamodzi. Yambani ndi mphindi 10 muli pomwepo, dzanja lili pafupi ndi switchi ya pakhoma. Zikayenda bwino, pitirizani mphindi 30 mpaka ola limodzi, ndipo mayeso omaliza muwachite masana otentha, chifukwa ndi pamene kompyutayi idzagwirire ntchito.

Nambala ya pa mita ndi moto wolowa, si wotuluka. Ichulukitseni ndi 0.85 ngati power supply ndi ya Bronze, kapena 0.9 ngati ndi ya Gold. Mita ikamaonetsa 400, Bronze ikupereka pafupifupi 340, ndipo pa ya 500W imeneyo ndi 68 peresenti: muli pabwino. Ikamaonetsa 550, ikupereka pafupifupi 468, ndiye muli pa 94 peresenti, ndipo kuno zimenezo ndi zambiri.

Tsopano volteji. Ikani multimeter pa DC 20V. Pezani pulagi ya mabowo anayi imene sikugwira ntchito, ija ya ma hard disk akale. Waya wakuda wa mita ulowe pa bowo la waya wakuda, wofiira ulowe pa bowo la waya wachikasu, ndipo muwerenge 12V. Mukasunthira pa waya wofiira muwerenga 5V. Waya wa olenji ndi wa 3.3V, ndipo umapezeka pa pulagi yaikulu ya mapini 24. Gwirani mosamala kuti nsonga ziwirizo zisakhudzane. Mlingo wa ATX umalola kusiyana kwa 5 peresenti: 12V ikhale pakati pa 11.4 ndi 12.6, 5V pakati pa 4.75 ndi 5.25, ndipo 3.3V pakati pa 3.14 ndi 3.47. Yezani kawiri, kompyuta ikungokhala, ndiponso italemedwa. Chimene mukufuna kuona ndi kutsika kwake. Kuchoka pa 12.1 kufika 11.9 n'kwabwino. Kuchoka pa 12.2 kufika 11.5 sikunapyole malire, koma ife yotereyi sitingaisiye pa kompyuta yopezera ndalama. Ikatsika pansi pa 11.4, imitsani mayeso. Pa zotchipa mudzaonanso kuti 12V ikamatsika, 5V ikukwera. N'chizindikiro choti mizere iwiriyi amaiwongolera pamodzi, ndipo siigwirizana ndi katundu wa makompyuta a masiku ano.

Manambala a volteji amene mapulogalamu amaonetsa pa sikirini musawadalire kwambiri, amatha kuphonya. Dziwaninso kuti multimeter siionetsa kunjenjemera kwa moto kobwera ndi makapasita ouma, ndiye power supply yakale ikhoza kuonetsa 12.0 koma ili yodwala. Nako kuyesa kuja kolumikiza waya wobiriwira ndi wakuda ndi kachitsulo kopanira mapepala kumangosonyeza kuti imayaka. Sikunena chilichonse za katundu amene ingasenze.

Kompyuta ikazima phi pakati pa mayeso, popanda sikirini ya buluu kapena uthenga uliwonse, n'kukana kuyaka mpaka mutazimitsa switchi ya kumbuyo ndi kudikira pang'ono, ndiye kuti chitetezo cha power supply chadula. Koma musanaiweruze, tsekulani pulogalamu ya HWiNFO muone kutentha kwa purosesa. Ikamafika madigiri 95 mpaka 100 isanazime, vuto lingakhale fani ya purosesa kapena phala lake loziziritsira louma. Fungo la pulasitiki yopsa, kuthetheka, kapena fani ya power supply imene yaima pamene bokosi lake likuotcha, zimitsani pakhoma nthawi yomweyo. Zina zamakono zimaimitsa fani dala katundu akachepa, koma pa mayeso olemetsa iyenera kuzungulira. Kamluzu kakang'ono kopyapyala kotuluka graphics card ikalimbika nthawi zambiri si ngozi.

Zingwe ndi mapulagi

Power supply ikhoza kukhala ndi mphamvu yokwanira, moto n'kubukabe pa pulagi. Malo olowetsa graphics card pa motherboard amapereka mawati 75. Pulagi ya mapini 6 imawonjezera 75, ya mapini 8 imawonjezera 150. Pulagi ya SATA inapangidwira mawati 54 okha pa 12V. Tizingwe tija tosandutsa SATA kukhala mapini 6 kapena 8 timakokera mawati 75 kapena 150 pa njira ya 54, ndipo timasungunuka. Power supply ikakhala yopanda pulagi ya graphics card, wopanga wake wakuuzani kale kuti siinapangidwire ntchito imeneyo.

Khadi yofuna mapulagi awiri a mapini 8 muipatse zingwe ziwiri zosiyana ngati zilipo, osati chingwe chimodzi cha mitu iwiri. Kankhani pulagi iliyonse mpaka kachogwirira kake kamveke kuti kagwira, chifukwa pulagi yolowa theka imatentha pa mapini. Mukaona pulasitiki yake yasanduka yofiirira, yayamba kale kupsa. Pa power supply zija zochotseka zingwe, musagwiritse zingwe za ina, ngakhale zikulowa bwinobwino. Kumbali ya power supply opanga amayala mapini mosiyanasiyana, ndipo chingwe cha ina chingatumize 12V pamene pamafunika 5V, ma disk onse n'kupsa pa kuyatsa kumodzi.

Moto wa pakhoma, UPS, jenereta ndi sola

Magetsi a ESCOM ndi a 230V, koma pa mizere yaitali ya kumidzi ndi nthawi ya madzulo amatha kufooka. Volteji ikatsika, power supply imakoka ma ampu ambiri kuti ipereke mawati omwewo. Mawati 588 aja pa 230V ndi ma ampu 2.6, pa 180V ndi 3.3. Mbali yake yolandirira moto imatentha kwambiri, ndipo imene ili kale pa mlingo wonse ilibe pothawira. Mababu akayamba kuzilala kapena fani ya m'nyumba ikayamba kuyenda mwaulesi, imitsani ntchito yolemetsa. Kumene vutoli limachitika kawirikawiri, ikani chowongolera volteji, chimene ambiri amati AVR kapena stabilizer, kapena UPS yokhala nacho kale.

Magetsi akathima, power supply imapitiriza kupereka moto kwa mamilisekondi pafupifupi 16 kapena 17 kuchokera m'kapasita yake yaikulu, ndipo UPS wamba imafuna mamilisekondi osapitirira 10 kuti isinthire ku batire. Mpata wake ndi wochepa chomwecho. Katundu akachuluka, kapasitayo imatha msanga. Ikakalamba, imathanso msanga kuposa. N'chifukwa chake kompyuta ina imazima magetsi akaphethira ngakhale ili pa UPS yabwinobwino.

Pogula UPS musasokoneze VA, nambala imene amalemba pa UPS, ndi mawati. Ya 650VA imapereka mawati pafupifupi 360 mpaka 390. Kompyuta ya mavidiyo ija, yokoka mawati oposa 400 pakhoma kuphatikizapo sikirini, ikufuna ya 1000VA kapena kuposa. Pulinta ya laser musailumikize pa UPS, imakoka moto wambiri potenthetsa. Power supply zamakono, zija zolembedwa Active PFC, zina zimazima kapena kulira zikalandira moto wa UPS kapena inveta yotchipa. Zimafuna yolembedwa pure sine wave. Izi n'zofunika kwa onse amene anatembenukira ku sola ndi majenereta, makamaka kuyambira Januwale 2022 pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Pa jenereta, iyatseni kaye, ikhazikike mphindi zingapo, kenako lumikizani kompyuta; pozimitsa yambani ndi kompyuta. Musalole kuti mafuta athere kompyuta ili yoyaka, chifukwa injini ikamatsamwa volteji imakwera ndi kutsika. Tijenereta tating'ono topanda AVR si ta kompyuta, ndipo mashini owotcherera zitsulo kapena firiji zisakhale pa jenereta imodzi ndi kompyuta yopanda UPS.

Pulagi ikhale ya mano atatu, waya wa earth atalumikizidwa, ndi fyuzi yeniyeni m'kati, osati waya wopiringiza. Kompyuta yomenya shoko mukagwira bokosi ndi chizindikiro choti earth palibe, ndipo popanda earth zotetezera kukwera kwa moto sizigwira ntchito mokwanira. Nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayandikira, zulani pulagi pakhoma ndi chingwe cha intaneti chomwe. Kuzimitsa switchi kokha sikukwanira.

Fumbi ndi tizilombo

Fumbi la chilimwe, phulusa la nzimbe zotenthedwa cha ku Nchalo, ndi ubweya wa thonje nyengo yogula, zonse zimalowa ndi mpweya n'kumatirira pa zitsulo zoziziritsira. Power supply yotsekeka ndi fumbi pa 60 peresenti imatha kutentha ngati yoyera pa mlingo wonse. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ipemereni mwezi uliwonse kapena iwiri. Nyengo zina miyezi itatu iliyonse yakwana. Zulani chingwe, dinani batani loyatsira kangapo, tulutsani bokosi panja, tsekerezani fani ndi kamtengo kapulasitiki kuti isazungulire, kenako pemererani ndi blower kudzera m'timabowo. Fani yozunguzidwa ndi mphepo yamphamvu imawonongeka pa bering'i. Kampweya ka kompulesa ya matayala kamatha kukhala ndi madzi ndi mafuta, ndiye mupemere kaye pambali. Kasefa ka pansi pa bokosi kachotseni, kachapeni, kaume kaye musanakabwezere.

Mphemvu, nyerere ndi analimata amakonda kufunda kwa m'katimu, ndipo nalimata mmodzi akagona pa mbali ya 230V amashotetsa zonse. Tsekani mabowo a kumbuyo amene munachotsa tizitsulo take, ndipo musadyere pafupi ndi kompyuta. Mankhwala opopera tizilombo musawapopere m'kati. Kumadera kumene madzi osefukira amafika, bokosi lizikhala pamwamba nthawi zonse. Power supply imene yalowa madzi amatope musaiyatse ngakhale itauma kunja, chifukwa matope otsalira pansi pa zipangizo amayendetsa moto; imeneyo isintheni.

Bokosi la power supply lenilenilo musalitsekule ngati simunaphunzire ntchitoyi. Kapasita yake yaikulu imasunga mavolti 325 mpaka 400, ndipo ikhoza kuwasunga ngakhale chingwe chitazulidwa. Fani yake ikafa, m'misiri wodziwa angathe kuisintha ndi ina ya kukula ndi volteji yofanana, ndipo pa power supply yabwino ntchito imeneyi ndi yoyenera kulipira. Pa yotchipa imene yatupa makapasita kapena yaphulitsa fyuzi ya m'kati, musalole kuti angolumikiza waya pa fyuzi. Fyuzi imeneyo siimapsa yokha, pali china chinashota patsogolo pake.

Power supply yabwino imene yagwira ntchito zaka 5 kuno muziiwerengera ngati yaing'onopo kuposa sitika yake, ndipo muziisunga pansi pa 60 peresenti. Bwerezani mayeso a multimeter chaka chilichonse mu Seputembala, kutentha kusanafike pachimake, ndipo manambala ake muziwalemba pa kapepala komata m'kati mwa chitseko cha bokosi pamodzi ndi tsiku lake. Mukaona kuti 12V ya chaka chino, pa katundu yemweyo, yatsika kuposa ya chaka chatha ndi 0.2 kapena kuposa, gulani ina Okutobala asanafike, ndipo yakaleyo ipite ku kompyuta ya mu ofesi yopanda graphics card.